Kadontho Kanga, Mlandu wa a Edina

Lachinayi lapitali ndinaima pa shedi yoyezera tiyi, pamaso pa anthu amene amandipatsa moni mwaulemu tsiku ndi tsiku, n'kuvomera mokweza kuti ine, bambo wa imvi, ndimasewera ndi madontho a madzi.

Sizinali zophweka. Koma ndiyambe poyambira.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndimagwira ntchito ku sitolo ya zipangizo pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Nyumba yathu ili m'mphepete mwa munda. Ukatulukira khomo lakuseri, umadutsa kadimba ka amake Tadala, mkazi wanga, n'kulumpha ngalande, basi walowa m'tiyi.

Foni yanga anandigulira ndi Tadala, mwana wathu amene ndi namwino ku Blantyre. Kwa nthawi yaitali ndinkangoimbira ndi kulandirira mauthenga a maliro. Tsiku lina m'dzinja lapitali, ndikuchokera kuntchito, dontho la mvula linagwera pa kadiso ka kamera. Ndisanapukute, ndinaona chala changa pagalasi la foniyo. Mizere ya pakhungu langa inali itakula ngati mizere ya munda wolimidwa bwino. Ndinaima pamvulapo ngati munthu wosokonezeka mpaka malaya ananyoweratu.

Nditapita ku Limbe, wogulitsa machaja wina anandionetsa kagalasi kopanira pa foni, kofanana ndi chopanira zovala pachingwe. Ndinagula. Kuchokera pamenepo m'mawa wanga unasintha.

Kodi munayamba mwayang'anitsitsa dontho la mame lili lende pansonga ya tsamba? Sindikunena kuliona podutsa. Ndikunena kugwada, kuyandikira mpaka mphuno itatsala pang'ono kuligunda.

M'kati mwake muli dziko lonse limene lili kuseri kwake. Muli phiri, muli mitengo ya bulugama, muli chumuni cha fakitale ndi utsi wake. Koma zonse zili chadodolido, thambo pansi, nthaka pamwamba. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaseka ndekha m'munda.

Ntchito yake ndi yofuna kudekha. Umatsamiritsa zigongono pamaondo, n'kugwira mpweya. Dzuwa lizichokera chammbali, lisanakwere. Kamphepo kakang'ono kakangodutsa, basi zonse zaonongeka. Zithunzi zambiri zimatuluka ngati chifunga cha chiperoni. Koma pakati pake pamapezeka chimodzi chimene chimakusangalatsa tsiku lonse, ngakhale abwana akalipe chifukwa cha mabawuti osowa.

Pali chinthu china chokhudza kagalasi kameneka. Kamaonetsa bwino chimene chili pafupi chokhacho. Zonse zakumbuyo zimasanduka mbuu. Mawu amenewa muwasunge, tidzawafuna kutsogoloku.

Vuto langa linali lakuti tsamba la tiyi ndi loterera. Dontho silikhalitsa, ndipo mame amauma dzuwa likangosuzumira. Ndinayesa kuika madontho anga. Madzi okha ankagwa ndisanakonzeke. Madzi a shuga anaitana nyerere. Mafuta ophikira ankangoyenderera n'kukhala chikasu. Zoyesa zonsezi ndinkachitira pa khonde, pa masamba a maluwa a amake Tadala.

Ndiye Lamulungu lina ndinaona mkazi wanga akudzola popita kutchalitchi. Pakamwa pa botolo lake la giliselini panali dontho, lonenepa, lowala, lili lende. Ndinadikira kuti ligwe. Silinagwe.

Ndinathirako pang'ono m'kabotolo kakale ka mankhwala a m'maso, n'kusakaniza ndi madzi. Lolemba ndi Lachiwiri m'mamawa ndinalumpha ngalande ija. Ndinasankha nsonga zanthete, zija za masamba awiri ndi kamphukira, chifukwa ndi zimene zimakongola. Ndinayenda mtengo ndi mtengo, kudontheza, kujambula, kusuntha. Madontho anakhala phee ngati ana omvera. Zithunzi zake zinali zabwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo.

Zoti giliselini sauma ndinkazidziwa. Ndi chifukwa chake ndinamukonda. Zoti nsonga zokongolazo ndi zomwezo zimene munthu adzatchole Lachitatu, sizinandibwerere m'mutu n'kamodzi komwe.

Lachitatu madzulo tinakhala pakhonde ndi makapu athu. Amake Tadala anati, "Mwamva za a Edina?"

A Edina ndi mayi wotchola tiyi, kwawo ndi ku Khonjeni. Amabwera sizoni iliyonse, amakhala kwa mchemwali wawo ku layini, kunyumba za antchito a pa esiteti, ana awo amatsala kumudzi pasukulu. Ndi a Sabata, mdikoni kumpingo kwawo. Atchola tiyi zaka zambiri koma sanamulawepo, ndipo amanena zimenezi monyadira. Timadziwana chifukwa amadutsa panjira yakuseri kwathu, ndipo amandipatsa moni m'Chilomwe pofuna kundiseka kuti chilankhulo cha agogo anga ndinachitaya.

"Atani a Edina?"

"Awagwira ku sikelo. Akuti anathira zinthu m'masamba kuti alemere."

Amene simunagwirepo ntchito ya tiyi mundilole ndifotokoze. Wotchola amalipidwa malinga ndi kulemera kwa masamba ake. Alipo ena amene amawaza madzi m'dengu akamayandikira sikelo, ndiye kalaliki amapisa dzanja n'kufinya masamba kuti aone. Komanso wotchola saloledwa kudzola zonunkhira m'manja. Tiyi ndi wamiseche. Fungo lililonse limene wakumana nalo amalisunga, n'kukaliulula m'kapu ya munthu kutsidya kwa nyanja. Choncho masamba onyowa ndi mlandu, masamba onunkhira ndi mlandu wina. A Edina anawapeza ndi yonse iwiri.

"Dengu lawo analiika pambali," anapitiriza amake Tadala. "Akalaliki anawakalipira anthu onse akumva. Akuti mdikoni wakuba. Mawa akamve kwa abwana. Ndipo mukudziwa sizoni ikutha. Munthu wa mbiri yotere chaka chamawa samuitananso."

"Anathira chiyani?"

"Kaya. Eni ake akulumbira kuti sakudziwa. Akuti masambawo amaterera, amanunkhira ngati maluwa."

Atanena mawu omalizawo anaika kapu pansi, n'kulowa m'nyumba. Potuluka anali ndi botolo lija. Analiimika patebulo pakati pathu. Linali litatsika ndithu.

"A Edina amatchola mzere uti?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinali nalo kale.

"Wakuseri kwathu kuno." Anandiyang'ana. "Bambo a Tadala, ine ndimaona botolo likutsika. Ndimati mwina mwayamba kudzola mobisa. Ndinati ndisakuchititseni manyazi, khungu la munthu wamkulu limauma."

Akuluakulu amati choipa chitsata mwini. Ichi chinali chitasokera njira, n'kukagogoda pakhomo la munthu wosalakwa.

Ndisaname, maganizo ena anandifikira. Palibe amene akanandiloza chala. Ine ndimakhala ku ofesi, sindigwira dengu. Ndikanatha kungotaya kabotolo kanga m'chimbudzi n'kumamvera a Edina chisoni pamodzi ndi anthu ena onse. Maganizowo sanakhalitse, chifukwa amake Tadala anafunsa funso limodzi lokha.

"Mupita nokha, kapena ndikuperekezeni?"

Ndinapita ndekha.

M'mawa wa Lachinayi otchola anali atasonkhana pa shedi, atamanga mapulasitiki m'chiuno, madengu kumsana. A Edina anakhala paokha pa tsinde la mtengo, opanda dengu. Ndinawapatsa moni m'Chilomwe changa chopunduka, "Moseliwa." Tsiku lina akanaseka. Tsiku limeneli anangogwedeza mutu.

Ndinaitanira pambali a Makawa, kapitawo wa gulu lawo, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe. Ndinawafotokozera monong'ona.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "A Mulipa, mayiwa ndi achibale anu?"

"Ayi."

"Nanga mukudzipereka nsembe chifukwa chiyani? Nkhani yopeka ikhaleko yomveka. Munthu wamkulu ngati inu, kudzoza tiyi mafuta? Tiyi akupita ku ukwati?"

Ndinatulutsa kabotolo. Ananunkhiza, nkhope inasintha. Ndinawaonetsa zithunzi.

"Ichi n'chiyani? Babu la magetsi?"

"Dontho."

"Nanga fakitale yalowamo bwanji? Yazondoka bwanji?"

"Ndi mmene dontho limaonera."

A Makawa anayang'ana foni, anayang'ana ine, anayang'ananso foni. Kenako anatsitsa mawu, chinthu chimene sachita kawirikawiri. "Chabwino. Izi zithere pompano. Abwana ndiwauza kuti panali kusamvetsetsana. Mayiwa atenge dengu lawo. Inu bwererani ku ofesi mwakachetechete, anthu asadziwe. Ulemu wanu usungike."

Ndinamva kupepukidwa mumtima. Ndinali nditatembenuka kale.

"A kapitawo."

Anali a Edina. Sitinawaone akuyandikira, koma anali atamva zonse.

"Mwati zithere pati?"

"Mayi, zatha. Tengani dengu. Simunalakwe."

"Ndikudziwa kuti sindinalakwe, ndinakuuzani dzulo. Ndikufunsa kuti zithere pati." Anatembenukira kwa ine. "Bambo Mulipa, dzulo ine sananditengere pambali. Sanandinong'oneze. Anandiitana wakuba apo, pa sikelo, gulu lonse likumva. Pofika madzulo nkhani inali itafika ku Khonjeni pa kabaza. Loweruka ndikaima bwanji kutsogolo kwa mpingo? Ndikanena kuti panali kusamvetsetsana?"

A Makawa anayesa kulowererapo. "Mayi, awa ndi akuluakulu a ku ofesi."

"Ndiye mawu ali nawo. Alankhule."

Mayiwo ananena zoona. Manyazi anali anga, ndipo iwo anali atandisenzera tsiku lathunthu.

Ndinakaima pafupi ndi sikelo. Ine si munthu wa mawu ambiri, choncho sindinachedwe. Ndinati zimene zinapezeka m'dengu la a Edina ndinathira ndine. Ndinati ndi giliselini wa mkazi wanga. Ndinati ndinkafuna kujambula madontho, ndipo a Edina sankadziwa kanthu. Ndinapepesa kwa iwo powatchula dzina.

Kenako mayi wina kumbuyo anafunsa, "Akazi anuwo akudziwa?" Gulu lonse linaphulika ndi phwete.

Koma chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi chinabwera kuseka kutatha.

Mlonda wa munda umenewo, amene anali asanapite kwawo, anakanda kumutu n'kunena kuti, "Inetu ndinawaona bwanawa. Lolemba ndinawaona, Lachiwiri ndinawaonanso."

"Nafenso tinawaona," anatero amayi awiri amene amadzera njira yomweyo. "Atagwada, akudontheza za m'kabotolo."

A Edina anawayang'ana mmodzimmodzi. "Munaona? Dzulo ndikulira apa munali pompano. Munaona, n'kukhala duu?"

Mlonda anati, "Ndimati ndi za ofesi, mayi. Mwina akuyesa mankhwala atsopano. Ine ndingafunse bwana kuti mukutani?"

Mmodzi wa amayi aja anati, "Ife timati mwina akutsirika munda. Zoterezo ukaziona umayang'ana kumbali. Ukazitchula zimakutsata."

"Ndiye zinatsata ine," anatero a Edina.

Taganizani, awerengi. Anthu anandiona ndi maso awo ndikuthira chinthu chosadziwika pa tiyi amene anthu adzamwe. Palibe anandifunsa. Mkazi wanga yemwe, amene takhala limodzi kuyambira tsitsi lili lakuda, anaona botolo likutsika ndipo anasankha kundisungira ulemu. Koma mayi wa dengu atangofika pa sikelo, mafunso anamugwera ngati matalala, ndipo yankho lake palibe analimvera.

Funso kwathu kuno limayenda ngati madzi. Limatsetsereka. Kukwera phiri silidziwa.

Si pa esiteti pokha. Munthu akavala chovala chonyezimira chija n'kuyamba kumasula zitsulo pa mjigo, timamudutsa n'kumupatsa moni. Mawa mjigo ukapezeka chigoba, timayamba kukayikira achinyamata a m'mudzi. Kuchipatala timalandira mapilitsi n'kuwerama, osafunsa kuti ndi a chiyani, kenako timakafunsa mnzathu pa depoti. Galimoto yoyera ikaima m'munda mwathu, anthu n'kutsika ndi zingwe zoyezera, timaonerera tili pakhonde. Tikufuna kudziwa, mtima uli m'mwamba, koma pakamwa pali loko.

Timati ndi ulemu. Mbali ina ndi ulemu ndithu, ndipo ine sindikufuna dziko limene aliyense akukalipira aliyense. Ndinaleredwa kuti munthu wamkulu sumudula mawu, ndipo ana anga ndinawalera chimodzimodzi. Koma kodi ulemu umene umasiya munthu wosalakwa akulira pa sikelo ndi ulemu wa mtundu wanji? Ukulemekeza ndani?

Mlonda uja akanangoti, "Bwana, mwadzuka bwanji, kodi mukuthira chiyani?" nkhani yonse ikanathera pa ngalande. Ndikanamuonetsa kabotolo. Iye akanati mawa pano atchola. Basi. Mawu ochepa, aulemu, otsika mtengo kuposa machesi.

Koma apa ndiyenera kudzifunsa ndekha. Akanandifunsa, ndikanamuyankha bwino? Ndalingalira zimenezi sabata yonse. Mwina ndikanamuyang'ana ndi diso lija limene ife a nsapato zopolisha timalidziwa, lonena kuti iwe ndiwe ndani. Mlonda si wopusa. Anaphunzira kukhala chete chifukwa penapake, tsiku lina, anafunsapo, ndipo anaona chimene chinatsatira. Timakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Sitinena za amene anafunsa n'kudya mbama.

Choncho mlandu uli mbali ziwiri. Wapansi aphunzire kufunsa, inde. Koma wapamwamba ayambe ndiye kuphunzira kufunsidwa. Kodi inu amene muli ndi makiyi a ofesi, a kalasi, a tchalitchi, ndi liti pamene wantchito wanu anakufunsani kuti mukutani, inu n'kumuthokoza?

Ndipo pali phunziro langa ndekha, limene kagalasi kaja kanali kundiuza kuyambira tsiku loyamba. Ndinati kamaonetsa chapafupi chokha, zakumbuyo zonse mbuu. Inenso ndinali chimodzimodzi. Ndinaona dontho, ndinaona phiri m'kati mwa dontho, ndinaona ngakhale timaubweya ta pa kamphukira. Munthu amene amadya kuchokera pa kamphukirako sindinamuone. Ndagwira ntchito pa esiteti kuyambira ndili mnyamata, ndipo ndikudziwa kuti mzere uliwonse uli ndi mwini wake. Ndinangoyandikira kwambiri, mpaka ndinaiwala.

Tibwerere pa shedi, chifukwa sizinathere pa maliro.

Abwana a divishoni atafika pa njinga yamoto, a Makawa anawafotokozera. Ndi munthu wachinyamata, wa msinkhu wa Tadala, ndipo ndinaona kuti zikumuvuta kukalipira munthu wa imvi. Anakwanitsabe, ndipo anali ndi chifukwa. Analamula kuti mitengo yonse imene ndinaigwira aisadze pamwamba, masambawo atayidwe. Anandiletsa kulowanso m'munda ndi botolo la mtundu uliwonse. Kenako anauza a Edina, anthu onse akumva, kuti tsiku lawo ladzulo silinatayike ndipo malo awo sizoni yamawa alipo. Kalaliki wa sikelo anapepesa, ngakhale mawu ake anatuluka movutikira ngati chitsekerero cha botolo lakale.

Anthu asanabalalike, mayi wa funso la akazi anga uja anati, "Ndiye tioneni ufiti wakewo, poti watichedwetsa."

Mame anali asanaume. Pambali pa shedi panali udzu wautali, ndipo pansonga ina panali dontho labwino, la Mulungu yekha, lopanda giliselini. Ndinagwada. Ndinagwira mpweya. A Edina anali atabereka kale dengu lawo, ataima chapatali pang'ono, manja m'chiuno, kudikira kuti zachibwanazi zithe. Sanadziwe kuti aima kuseri kwa dontho.

Chinatuluka bwino ulendo woyamba. Zimenezi sizichitika kawirikawiri.

Foni inayenda dzanja ndi dzanja. "Eee! Ndi a Edina!" "Alowa m'madzi!" "Miyendo m'mwamba, mdikoni!" Pomaliza inafika kwa eni ake. Anaigwira ndi manja awiri, kutali ndi nkhope, monga amagwirira buku la nyimbo. Munali iwo, athunthu, duku, pulasitiki, dengu, mizere ya tiyi kumbuyo kwawo, zonse m'kanthu kochepa kuposa njere ya nandolo.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo Mulipa," anatero, "dzulo munafuna kundichotsa ntchito. Lero mwandiimika chadodolido. Mawa muli ndi pulogalamu yanji pa ine?"

"Palibe, mayi."

"Koma taonani. Dengu lazondoka, tiyi sakutayika." Anaseka pang'ono, koyamba m'mawa umenewo. "Mame amenewa andinyowetsa zaka zonsezi, mpaka maondo anayamba kulira. Sindinkadziwa kuti amandiyang'ana."

A Makawa anaomba m'manja. "Basi, basi, kanema watha! Aliyense pa mzere wake!"

Kodi ndasiya kujambula? Ayi. Munthu wamkulu naye amafuna kanthu kake kosabweretsa phindu, kongomutsitsimutsa mtima. Ena ali ndi bawo, ena mpira wa pa wailesi. Ine ndili ndi madontho. Ndangosamuka. M'kadimba ka amake Tadala muli koko, ndipo ndapeza kuti tsamba la koko limagwira madzi bwino kuposa giliselini aliyense. Dontho limakhala pakati pake lobulungira ngati mkanda, limagubuduzika osanyowetsa tsamba. Chinthu chimene ndinkachifunafuna kutsidya kwa ngalande chinali pakhomo panga nthawi yonseyi.

Loweruka ndinapita pa boma kukatsukitsa chithunzi chija pa situdiyo. Lamulungu masana, ndili chogwada pakati pa koko, ndinamva mawu kumpanda.

"Odi kuno! Mwathirapo chiyani lero?"

Anali a Edina, atavala zoyera bwino, atangotsika kabaza kuchokera ku Khonjeni, kumene anakapemphera ndi kuona ana.

"Madzi okha, mayi."

"Mzere umenewo ndi wa ndani?"

"Wanga!" anayankha amake Tadala ali kukhitchini. "Ndipo ndawafunsa kale. Masiku ano ndikufunsa chilichonse."

"Muzitero, achemwali. Amuna a ku ofesi ndi oopsa akakhala chete."

Ndinawafunsa za kumpingo. Anati zinayenda bwino. Nkhani ya giliselini inali itafika iwo asanafike, pa kabaza yemweyo amene ananyamula yoyamba ija, ndipo anthu ankangofuna kudziwa ngati bambo wodzoza tiyi ali bwinobwino m'mutu.

Ndinawapatsa chithunzi. Anachigwira mmene ndinajambulira, dontho lili lende pa udzu, iwo mutu pansi. Kenako anachitembenuza. Tsopano iwo anaima chilili, mapazi pansi, dengu kumsana, ndipo dontho ndi limene linaloza kumwamba ngati likufuna kugwera m'thambo.

"Mwachizondotsa," ndinatero. "Dontho siligwera m'mwamba."

"Pakhoma panga chikhala chonchi," anatero a Edina, akuchilowetsa m'Baibulo kuti chisapindike. "Dontholo liime chadodolido. Ine ndaimako kale sabata ino, zakwana."

Anatsika ndi njira ya m'mbali mwa ngalande, kudutsa mitengo yosadzidwa ija, imene yayamba kale kuphukira. Ine ndinabwerera pa koko wanga. Dzuwa linali litakwera, kuwala kutaipa, koma ndinagwadabe.

Inu mukadzandipeza chogwada choncho m'mbali mwa njira, wa imvi, nsapato zopolisha, kanthu m'manja, mudzatani? Mudzandipatsa moni n'kudutsa, kapena mudzandifunsa kuti ndathirapo chiyani?